Mwendo wa Pansi pa Thebulo

Pali khomo lina pachipatala chachikulu limene mpaka lero ndimadutsapo nditaphimba nkhope ndi chitenje.

Zinali zaka zija salaula, zovala zakale zochokera kunja, atadzaza misika, makampani akugulitsidwa, aliyense akukayikira mnzake. Amuna anga anadwala khutu, mafinya osaleka, ndipo kuchipatala anati fupa la kuseri kwa khutulo liyenera kubooledwa. Dokotala woti aboole anali mtsikana, nkhope ngati wa kusekondale. Mayi wina pabenchi anandinong'oneza kuti ameneyo anaphunzirira pa kompyuta. (Ife a ku komboni ya Kanyama kompyuta tinkangoimva kuti ndi choseweretsa ana a anthu olemera, komanso kutchalitchi anali atatichenjeza za usatana.)

Ndinamulondola dokotalayo. "Ba dokota, mutu wa bamuna banga si gemu. Nionetseni vamene munaphunzirirapo."

Anaseka, n'kunditengera m'kachipinda kena. Pathebulo lokutidwa ndi nsalu panali kompyuta yobwera ndi alendo, ikuonetsa fupa la khutu lalikulu ngati dzungu. Pambali pake panali kacholembera kolumikizidwa ku kamkono kachitsulo.

"Gwirani, amai. Boolani pang'onopang'ono."

Ndinagwira. Poyamba kanayenda mofewa. Koma nsonga yake itangokhudza fupa la pagalasi lija, kanalimba, kananjenjemera, kenako kanandikankha. Ine ndinakankha mwamphamvu. Iko kanabweza. Chonsecho patsogolo pa dzanja langa panalibe fupa, mphepo yokhayokha!

"Nindani wanigwira?"

"Ni makina chabe, amai. Yapangitsa dzanja kumvera kulimba kwa fupa, kuti tikalakwa tilakwire pano, osati pa munthu."

Mawu okoma. Koma ine ndakulira pamsika, munthu akamandilankhula mokoma ndimayang'ana kumene akubisa. Ndinatukula nsalu ija n'kusuzumira pansi pa thebulo. Miyendo! Ya munthu, yovala nsapato zakuda.

Sindinafunse. Ndinagwira mwendo umodzi ndi manja onse n'kukoka, uku ndikufuula dzina la Yesu. Anatuluka chagada bambo wachikulire wa tayi, waya ali m'manja, kompyuta n'kuthima. (Nsapato inatsalira ine.) Anali mphunzitsi wa madokotala, ankangolumikiza waya wa makina osindikizira. Ndipo ndi iyeyo amene anali woti ayang'anire opaleshoni ya amuna anga.

Bamboyo anadzisasa fumbi. Mtsikana uja, misozi ya kuseka ili mbwembwembwe, anati, "Amai, isanazime munali mwadula kale mtsempha wa nkhope. Sembe ni munthu, kamwa yapindika."

Opaleshoni inayenda bwino, ndipo ndivomere kuti mwanayo ali ndi dzanja. Koma anamwino ankabwera kuwodi awiriawiri, osati kudzaona wodwala, kudzaona ine.

Amuna anga atachira anandifunsa ngati ndatolapo phunziro. Ndinati inde. Kukayikira sindidzasiya, koma tsopano ndimayamba ndaona nkhope ndisanakoke mwendo.