Tsiku limene Che Nuhu anagwira pulagi

Ku Thyolo konse kunalibe munthu wamantha ngati Che Nuhu, makaniko wa njinga zamoto pamphambano yolowera ku esiteti ya tiyi. Ankaopa agalu, mphenzi, ngakhale nkhukundembo ya aneba awo. Koma chimene ankachiopa koposa chinali ntchito yawo yomweyo.

Anali ndi njinga yamoto yakalekale, yakuda, imene manijala wina wachizungu anawasiyira pobwerera kwawo. Ankaisamala ngati mwana, koma osaikwera. Popita kumsika ankaikankha, pobwera ankaikankha.

"Che Nuhu, bwanji osangokwera?" ankafunsa anthu othyola tiyi.

"Inu munamvapo kuti munthu wafa akukankha njinga?"

Poyesa ngati pulagi ikutulutsa moto, wina amaigunditsa pa injini, mnzake n'kuponda kiki. Poti wogwirayo amatha kumenyedwa ndi shoko ya magetsi, kugwirako inali ntchito ya akazi awo, Abiti Maulidi. Che Nuhu ankaponda atatsinzina, kenako n'kufunsa, "Mayi a Ayesha, muli moyo?"

"Ndili moyo, pondaninso."

Zaka makumi atatu zinatha choncho.

Ndiye tsiku lina m'mawa, nthawi ya mvula, njinga ija inali yomasulamasula. Pa zitsulo zopereka moto ku pulagi, koyilo inapsa, mapoyinti anadyeka, ndipo Che Nuhu anafunafuna zina miyezi iwiri asanazipeze ku Limbe. Ali mkati moyala zitsulo pa chiguduli, anaona mayi Teleza, aneba awo aja, akubwera wefuwefu atabereka Abiti Maulidi kumsana.

"Mphiri yawaluma akutola nkhuni m'mabulugamu," anatero mayi Teleza.

Mwendo unali utayamba kale kutupa. Thirakitala ya esiteti inali itapita kufakitale ndi tiyi, anyamata a kabaza onse anali kumsika wa ku Luchenza. Chipatala chinali kuseri kwa mapiri awiri. Che Nuhu anayang'ana akazi awo, nayang'ana njinga.

Anagwada pansi. Anatola sipanala. Anamanga koyilo, nalumikiza mawaya. Kanati ka mapoyinti kanagwera m'matope, iwo n'kukafukula ndi zikhadabo akutchula dzina la Mulungu. Mpata wa mapoyinti anauyeza ndi lezala, katatu, chifukwa maso anali odzaza misozi. Kunatsala kuyesa moto.

"Bweretsani pulagiyo ndigwire," anatero Abiti Maulidi ali gone pamphasa. Dzanja anakweza, koma linagwa lokha.

"Gonani inu," anatero Che Nuhu. "Mayi Teleza, pondani apa ndi mphamvu zanu zonse. Ndikafa, mumuuze mwana wanga Ayesha kuti sindinathawe."

Che Nuhu anaigwira pulagi ija. Mayi Teleza, amene ankasenza madengu a tiyi kuyambira ali mtsikana, anaponda ngati akupha chinkhanira. Shoko inalowera kuchala n'kukatulukira m'mano. Che Nuhu anadumpha ngati chule, chisoti uko, iwo n'kukhala pansi m'chithaphwi. Anadzigwiragwira pachifuwa, napeza kuti mtima ukugundabe.

"Moto ulipo," ananong'ona.

Atabwezera pulagi, njinga inalira. Mayi Teleza anamangirira wodwalayo kumsana kwa amuna ake ndi zitenje ziwiri, ulendo n'kuyambika, pa giya yoyamba kuyambira pakhomo mpaka kukafika. Njinga inkalira ngati chigayo, liwiro lake la munthu wothamangira basi. Othyola tiyi anatula madengu, kukamwa yasa.

"Chokani m'njira, ndilibe chizolowezi!" ankakuwa Che Nuhu, ngakhale pamene munalibe munthu.

Pa kamlatho ka matabwa anafuna kutsinzina, koma anamva mutu wa akazi awo ukulemera paphewa. "Mayi a Ayesha, lankhulani." Zii. Apo ndi pamene anadziwa kuti mantha onse a moyo wawo anali masewera. Anawonjezera moto.

Atafika kuchipatala anaiwala pamene pali buleki, buleki yomanga okha, nakaima mu mpanda wa maluwa. Namwino atatuluka anayamba kugwira Che Nuhu, poti pa awiriwo ooneka odwala kwambiri anali iwo.

Abiti Maulidi anachira, ngakhale mwendowo unatsala wotsimphina. Anthu anayembekeza kuti tsopano Che Nuhu azikwera. Koma iwo anabwerera kunyumba akukankha njinga ija, ndipo sanaikwerenso mpaka pamene anatisiya chaka chathachi, mwakachetechete, ali pabedi pawo.

Pamphambano paja lero pamera udzu. Anyamata a kabaza amangodutsa, njinga zawo amakakonzetsa kuboma. Abiti Maulidi amakhala pakhonde, ndipo mayi Teleza akadzawazonda amapeza chitseko chili ndi mipiringidzo iwiri.

"Inu simunkaopa kanthu, zayamba liti izi?" anawafunsa tsiku lina.

"Mantha a m'nyumba muno ankandisenzera ndi iwo," anayankha Abiti Maulidi. "Pano ndikusenza ndekha. Sindinkadziwa kuti ndi olemera chonchi."