Galimoto yotchaja ndi maliro a apongozi anga

Pamaliro a apongozi anga aamuna ndinafika anthu akuchokera kumanda. Ndinafika pa galimoto yokongola kuposa zonse zimene zinali pamudzipo, kumbuyo kuli thumba la ufa ndi makabichi zimene anthu amayenera kudya masana. Nkhaniyi sindiikonda, koma kuno ku Bangwe ena akuifotokoza mothira mchere, ndiye bola ndiinene ndekha.

Zinayamba pamene ine ndi mkazi wanga, amake Tadala, tinagwirizana zogula galimoto yaikulu yoti banja lonse lizikwanamo. Ana anali atatalika miyendo, ndipo kagalimoto kathu kakale kankakhula pansi tikamapita kwawo kwa mayiwa ku Mulanje. Tinapita ku Limbe kwa bambo wina woitanitsa magalimoto kunja. Pabwalo pake panali ziwiri zimene zinatigwira mtima, zonse zazitali, zonse zoyendapo kale koma zooneka bwino. Ina inali ya petulo basi. Inayo ankaitchula kuti haibulidi ya pulagi. Imeneyi imayendera petulo, komanso ili ndi batire lalikulu limene umatchaja pa soketi ya kunyumba ngati foni.

"Iyi bwana," anatero wogulitsayo akusisita ya pulagiyo, "m'tauni muno muziyendera magetsi okha. Petulo ndi wa maulendo ataliatali. Pamzere wa mafuta muzingodutsa, kuwapatsa moni anzanu."

Mawu omalizawo ndi amene anandigwetsa. Masiku amenewo mafuta ankasowa, ndipo ine ndinali nditatopa ndi mizere. Unkakhoza kuswera pamzere, kudya chimanga chootcha ndi anthu osawadziwa, pofika pafupi ndi pampu n'kumva kuti atha.

Amake Tadala anali atakhala kale mu ya petulo ija, akuyesa mpando.

"Bambo a Tadala, ine ndikuona kuti titenge iyi," anatero. "Ikafa aliyense akhoza kuikonza, ngakhale kwathu. Nanga inayo magetsi ake ndi ati? Omwe akuthimathimawa?"

"Ubwino wake ndi womwewo," ndinawayankha. "Magetsi akathima tiyendera petulo, petulo akasowa tiyendera magetsi. Sizingasowe zonse tsiku limodzi." (Mawu amenewa ndinawanena ndili m'dziko lomwe lino, ndili wamkulu, ndevu zili pachibwano.)

"Chabwino, poti mwaikonda."

Miyezi yoyamba ndinamva kukoma, sindinama. Madzulo ndinkatulutsa chingwe pawindo la kuchipinda n'kuilumikiza. Windolo silinkatsekeka bwino chifukwa cha chingwecho, udzudzu unkalowa ngati waitanidwa, koma ine ndinkati ndi zazing'ono. M'mawa ndinkatsetsereka kupita kuntchito ku Limbe galimoto ili chete, moti nkhuku za m'njira zinkadzidzimuka tayala litafika kale pamchira. Ndikafika pamzere wa mafuta ndinkachepetsa liwiro n'kutsitsa galasi. Panalibe chifukwa chotsitsira galasi. Ndinkangofuna a kutchalitchi kwathu andione.

Chimene sindinkasamala n'chakuti masiku amene magetsi athima injini inkadzuka yokha n'kumamwa petulo amene anali m'thanki pamene ndinkagula galimotoyo. Pang'ono ndi pang'ono thanki inkatsika, mpaka kanyali kachikasu kanayaka. Amake Tadala anakaona.

"Kanyali ako si ka mafuta?"

"Ndithira mizere ikachepa," ndinatero. Kunena zoona, ndinkachita manyazi kukaima pamzere womwe ndinkaudutsa galasi lili pansi.

Tsiku lina masana mlamu wanga, mchimwene wawo wa amake Tadala, anaimba foni kuchokera ku Mulanje. Bambo awo anali atatisiya. Anali atadwala nthawi yaitali, komabe uthengawo unatipweteka. Apongozi angawa anali munthu wofatsa, wokonda kuseka, ndipo nthawi yomaliza imene tinalankhulana pafoni anandifunsa kuti, "Kodi galimoto yosalira ija mubwera nayo liti tidzaione?" Mlamu wanga anati chifukwa cha kutentha maliro aikidwa mawa lake masana.

Amake Tadala analira, kenako anapinda zitenje zawo n'kuika m'chikwama. Ankafuna kukwera minibasi nthawi yomweyo kuti akagone pasiwa.

"Mukavutikiranji?" ndinawaletsa. "Kumeneko kukufunika ufa, ndiwo, nkhata zamaluwa. Tigule lero, mawa m'mamawa tinyamuke pa galimoto, tiwatenge ndi azakhali."

Zimene ndinanenazo zinali zoona. Koma pansi pa mtima panalinso kena: kumudziko galimotoyo anali asanaione. Amake Tadala anaika chikwama pansi.

Ndinagula zonse, ndinalumikiza chingwe, ndipo titangotha kudya magetsi anathima. Kunacha asanayake. Batire linali lisanafike ndi pakati pomwe, kanyali kachikasu kali pomwepo. Ndinadziuza kuti magetsi alipowo atifikitsa pamene pali mafuta. Tinatenga azakhali a mkazi wanga, amene amakhala kuseri kwa msika, n'kulowa msewu wa Midima.

Tisanatuluke mu Bangwe, m'mphepete mwa msewu munali anyamata ogulitsa petulo wa m'mabotolo.

"Imani tigule," anatero amake Tadala.

"Amenewa amasakaniza ndi palafini. Iyi si njinga yamoto. Tithira kutsogolo."

Kutsogolo kwake, pamalo oyamba omwetsera mafuta anali atamanga chingwe polowera, antchito atakhala pansi akusewera ndi mafoni. Pachiwiri panali mzere wautali wa magalimoto opanda anthu, eni ake akudikira thanki yobweretsa mafuta imene palibe ankadziwa kuti ifika liti. Ndinapitirira.

Titadutsa mphambano ya ku Nguludi batire linatha, injini inadzuka. Inatikoka ndithu kamtunda, kenako pachitunda china inatsokomola, tinyali tonse tinayaka pamodzi, ndipo ndinangokwanitsa kuikhotetsera kumbali. Kunali zii. Azakhali, amene anali atazolowera kuti galimotoyi simveka, anafunsa ali kumbuyo, nkhata zili pamiyendo:

"Kodi bambo, tikuyenda kapena taima?"

"Taima pang'ono, azakhali."

Chapafupi ndinamva chigayo chikulira, ndipo mtima unakhala pansi, chifukwa chigayo chikamalira ndiye kuti magetsi alipo. Ndinapempha abambo ena amene ankadutsa kuti andithandize kukankha. Galimoto ya batire ndi yolemera, ndinaidziwa tsiku limenelo. Tinafika pachigayo thukuta lili kamukamu, ine ndili m'suti yakuda.

"Ndimapempha soketi," ndinauza mwini chigayo. "Ndikufuna kutchaja."

"Bweretsani foniyo."

"Si foni. Ndi galimoto."

Anandiyang'ana, anayang'ana galimoto, anayang'ananso nsapato zanga. Nditamuuza za maliro anandimvera chisoni, anazula mafoni a anthu pa soketi n'kundipatsa malo. Ndinalumikiza, galimoto inavomera, koma inalemba kuti kuti idzaze pafunika maola ambiri, mpaka madzulo. Ndinawauza amake Tadala kuti sitidikira idzaze, tingofuna pang'ono. Iwo anali atakhala pansi pa mtengo wa mango, foni ili m'manja. Mlamu wanga ankaimba pafupipafupi. Abusa afika. Akwaya ayamba. Anthu akufunsa mwana wamkazi wa malemu.

Sipanapite nthawi, chigayo chinasiya kulira. Magetsi anali atathima. Amayi amene anali pamzere ndi chimanga chawo anatembenuka onse kuyang'ana chingwe changa, ndipo mmodzi ananena mokweza kuti galimoto ya abwanawa yamaliza magetsi. Ndinayesa kufotokoza kuti sizitheka. Palibe anandimvera, ndipo ngakhale ine mawu anga sanandigwire mtima.

Amake Tadala anaimirira, anamanga chitenje, anatenga nkhata kwa azakhali n'kupita kumsewu. Minibasi ziwiri zinadutsa zodzaza. Yachitatu inaima, kondakitala anapanikiza anthu, azakhali anapeza kampata, ndipo mkazi wanga anakhala pa kabenchi ka kuseri kwa dalaivala, nkhata ataikweza m'mwamba kuti isaphwanyike. Asanatseke chitseko anati:

"Ufawo mubwere nawo."

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa.

Ndinabwereka chigubu, ndinakwera kabaza kubwerera kumene tinachokera, ndipo ndinakagula petulo wa m'mabotolo yemwe uja, kwa anyamata a mtundu womwe uja, pamtengo umene anautchula ataona suti. (Galimoto inamwa osadandaula. Mpaka lero sinadwalepo naye.) Pothira, wina anatayikira pa buluku. Kuti ivomere kuyaka panatenganso nthawi, ndipo pamene ndinkaona minda ya tiyi dzuwa linali litapendeka.

Ndinakumana ndi anthu panjira ya kumudzi, akuyenda m'magulumagulu kuchokera kumanda. Adzukulu anali akutsuka makasu pamjigo. Ndinayenera kuyenda pang'onopang'ono pakati pawo, aliyense akusuzumira kuti aone mkamwini amene wafika nthawi ino. Mlamu wanga anandilandira mwaulemu, ulemu wopweteka.

"Mwafika, alamu. Ufawo ikani m'nyumbamo. Anthu a m'mudzi anasonkha, tadya."

Mkulu wina amene ndinakhala naye pafupi pamphasa anandinong'oneza kuti, "Ndiye galimoto yosamwa mafuta ija imeneyi?" Ndinavomera ndi mutu, buluku likununkha petulo.

Zinazo anandiuza ndi azakhali pobwerera, mkazi wanga atatsala kumudzi. Minibasi ija inkaimaima, ndipo iwo anafika mwambo woona nkhope utatha, bokosi atakhomera kale, anthu atalinyamula. Amake Tadala anathamangira m'njira n'kuligwira ndi dzanja likuyenda. Nkhope ya bambo awo sanaione. Iwo eni ake nkhani imeneyi sanandiuzepo, ndipo ine sindinapeze poyambira. Ndinapepesa atabwerako, anati zinachitika basi, n'kupitiriza kusita malaya a ana.

Galimotoyo ilipo. Masiku ano thanki sitsika pakati, ndipo mafuta akasowa ndimaima pamzere ngati wina aliyense, galasi lili lotseka. Anzanga akandifunsa kuti agule iti, ya petulo kapena ya pulagi, ndimadzimva ndikuyamba kuti, "Ya pulagi ndi yabwino, kungoti..." ndipo ndimalankhula nthawi yaitali. Mwina ndi yabwinodi. Sindikudziwa ngati ndimaikira kumbuyo galimoto kapena mwini wake.

Mwezi wathawu kunali kumanga chiliza cha apongozi. Ndinakonzeka sabata yonse. Ndinadzaza thanki, ndinatchaja batire, ndinatsukitsa ndi matayala omwe. Tsiku loti mawa ndi ulendo ndinafika kunyumba kuchokera kuntchito n'kupeza Tadala, mwana wathu wamkazi woyamba, akuphika yekha.

"Amayi ako ali kuti?"

"Anyamuka masana pa minibasi. Akuti mukawapeza."

M'mawa mwake ndinanyamuka ndi ana. Galimoto inayenda bwino kwambiri, sinavute pena paliponse, ndipo tinafika mwambo usanayambe. Mpando wakutsogolo unali wopanda munthu njira yonse.