Tsiku limene ndinaponda a Pulezidenti kumsana

Pali anthu amene amati ntchito ya muofesi ndi ya alesi. Ine ndinali mtsogoleri wa anthu amenewa, ndipo ndinkalalikira uthengawu popanda wondipempha. Ndinasiya tsiku lina pa Boma la Mzimba, nditagwada pasimenti, ndikutsanzikana ndi mkazi wanga mumtima. Mpaka lero ndikalowa muofesi iliyonse, maso amayamba athamangira kukhoma ndisanapereke moni.

Kwathu ndi kumalire a Kasungu ndi Mzimba. Fodya atandikana, ndinapita ku Chikangawa kukakweza zipika za paini m'malole. Amene simunafikeko musanamizidwe, kumeneko kuli chisanu cholowa m'mafupa. Timayamba ntchito nkhungu ili tolo, manja ali nyatanyata ndi utomoni, kapitawo akukuwa ngati tinamubera mbuzi. Mapewa angawa anauma ngati chikopa cha ng'ombe, ndipo ndinkanyada nawo.

Mkazi wanga nyaMoyo ndi wa ku Embangweni. Mchimwene wake, a Moyo, anali kalaliki muofesi ina ya boma pa Mzimba. Anali munthu woonda, wa tayi, wosaseka kawirikawiri, ndipo nthawi zonse ankadandaula zilonda za m'mimba. Tikakumana kumudzi pa Khirisimasi, iwo n'kunena kuti atopa, ine magazi ankawira.

"Alamu, inu mumatopa ndi chiyani?" ndinkatero anthu onse akumva. "Cholembera chija chimalemera makilo angati?"

Iwo ankangopukusa mutu. "Mlamu, chipika mukachitula chimatsala pomwepo. Zathuzi timapita nazo kunyumba."

Ine ndinkaseka mpaka misozi (ndinali ndi pakamwa, zimenezo sindikana).

Tsoka silinunkha. Tsiku lina chipika chinapulumuka palole n'kundigwera paphazi lamanzere. Fupa silinathyoke, koma phazi linatupa moti jombo inkalowa mondikakamiza. NyaMoyo anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo kukhala pakhomo kunali kosatheka. Alamu omwe aja ndinkawanyozawo ndi amene anandipezera malo a umesenjala kuofesi kwawo, poyembekezera kuti phazi lipole.

"Nanga mesenjala wakale anapita kuti?" ndinafunsa.

"Anapita," anatero, osandiyang'ana.

Sindinafunsenso. Masiku amenewo yankho lotere linali lokwanira.

Achinyamata a lero ndikufotokozereni pang'ono. Nthawi imeneyo chipani chinali chimodzi, ndipo chithunzi cha a Pulezidenti chinkapachikidwa muofesi iliyonse, m'sitolo iliyonse, m'kalasi iliyonse. Panali lamulo lake: pakhoma pasakhale kanthu kopachikidwa pamwamba kuposa chithunzicho, kaya ndi wotchi, kaya ndi kalendala. Tinkamva za anthu amene anatengedwa chifukwa chokulungira usipa m'nyuzipepala yokhala ndi nkhope imeneyi. Ankatengedwa ndi galimoto, ndipo abale awo sankalira mokweza.

Masiku oyamba muofesi ndinaona ngati ndafika kumwamba ndisanafe. Kusesa, kuwiritsa tiyi, kupalasa njinga kupita ku positi, basi tsiku latha. Ndinkaona alamu atakhala patebulo pansi penipeni pa chithunzi chija, akugogoda makina otayipira ndi zala ziwiri, ndipo mumtima ndinkati: ndiye ntchito yotopetsa ija ndi imeneyi? Chimene chinkandidabwitsa n'choti anthu a muofesi ankayankhula motsitsa mawu ngati pamaliro, ndipo foni ikalira onse ankadzidzimuka.

Kenaka kunabwera uthenga woti a tcheyamani a chipani a boma lonse adzayendera maofesi mawa lake. Bwana wathu anachita thukuta pomwepo. Analamula kuti makoma apakidwe laimu, iwo n'kuthamangira kukakonza za zakudya za alendo. Apa ndinati nthawi yanga yakwana, anthu a tayiwa aone mmene mwamuna amagwirira ntchito. Ndinauza alamu kuti apite akadye, zonse andisiyire.

Ndinatulutsa mipando, ndinachotsa wotchi, ndinachotsa kalendala. Nditafika pa chithunzi ndinachichotsa mwaulemu wonse, manja awiri. Tsono ndichiike pati kuti laimu asachidonthere? Kunkhalango thabwa labwino timaligoneka chafufumimba, mbali yosalala pansi, kuti lisade. Ndiye ndinayala chiguduli pakona, n'kuwagoneka a Pulezidenti chafufumimba (mundikhululukire, ndinkaganiza kuti ndikuwateteza).

Ndinapaka khoma loyamba ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Ndinasuntha makwerero, ndinapaka lachiwiri. Pofika pakona paja ndinali nditaiwaliratu chimene chinali pansi. Potsika, ndinateteza phazi lodwala lija, n'kudumphira chambuyo ndi lamanja, thupi lonse la munthu wokweza zipika.

Khwaa!

Ndinaima chilili. Sindinayang'ane pansi msanga, chifukwa phazi linali litandiuza kale. Mantha amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire, ngakhale tsiku limene chipika chinkandigwera. M'maganizo ndinaona mwana wanga wosabadwayo akukula akufunsa kuti bambo ake anapita kuti, anthu n'kumamuyankha kuti anapita.

Alamu analowa akutokosa m'mano. Anayang'ana ine, anayang'ana pansi. Kumsana kwa chithunzi kunali chidindo cha jombo yanga, choyera mbee ndi laimu, mizere yonse ya kuphazi ikuoneka bwinobwino.

"Chiuta wane!" ananong'ona m'Chitumbuka cha kwawo. Anakhala pansi penipeni ndi buluku lawo lositasita. Kenaka anakwawa n'kukakhoma chitseko. "Mlamu, mwachita vichi? Mwatipha. Ine, inu, mlongo wanga, bwana, tonse mwatipha."

"Ndinkaopa laimu, alamu."

"Tsitsani mawu! Mbwenu mwawagoneka pansi? Chafufumimba? N'kuwaponda?"

Titachitembenuza tinapeza galasi laphwanyika kuchokera pachipewa mpaka pachibwano. Pepala lenilenilo linapulumuka. Ine ndinati tithamangire kusitolo tikadulitse galasi lina. Alamu anandigwira mkono ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo. Sitolo yodula magalasi inali imodzi pa Boma ponse, mwini wake ankagulitsanso makadi a chipani, ndipo msinkhu wa galasi limenelo ankaudziwa ngakhale mwana wa sukulu. Kungotchula muyezo wokha, bwenzi galimoto itafika ife tisanabwerere kuofesi.

Tinagwirizana zochotsa magalasi onse n'kuchipachika chopanda kanthu. Tinazula zidutswa chimodzichimodzi. Ndinaziika m'ndowa ya laimu n'kupita nazo kuchimbudzi chokumba kuseri, ndikutsokomola njira yonse ngati wa chifuwa chachikulu kuti anthu asamve zikulira.

Nditabwerako ndinaona kadontho ka laimu pamphuno pa a Pulezidenti. Mwachizolowezi ndinalavulira malovu pachala kuti ndipukute.

"Mlamu!" Alamu anatsala pang'ono kukomoka. "Mwawaponda, tsono mukufuna muwalavulire?"

Anachotsa okha kadonthoko ndi nsonga ya tayi yawo, mpweya ataugwira. Chidindo cha kumsana chija tinayesa kuchipala ndi mpeni, koma katoni inayamba kunyotsoka, ndipo jombo inaonekera kwambiri kuposa kale. Tinachisiya. Tinati chidzayang'ana kukhoma, ndipo pasadzapezeke munthu wochichotsa.

Ndinachipachika, tinabweza wotchi, tinapuma. Alamu anabwerera chambuyo kuti aone bwino, ndipo nkhope yawo inasanduka phulusa. Msomali wakale unali utazuka, ine ndinakhoma wina mmunsi pang'ono, ndipo tsopano wotchi inali pamwamba pa a Pulezidenti. Ndinakweranso makwerero. Ulendo uno, ndi mantha anga onse, ndinakhoma msomali kufupi ndi denga, moti munthu ankachita kupinda khosi kuti awaone.

Kutacha ndinafika kuntchito nditavala malaya awiri ndi juzi, ngakhale kunali dzuwa. Ndinamva kuti kumene anthu amatengeredwa kumazizira. NyaMoyo anandifunsa ngati ndili ndi malungo, ndinavomera.

A tcheyamani anafika ndi gulu lawo la achinyamata a chipani a malaya ofiira. Anali bambo wamfupi, wa mimba, baji ya chipani ikunyezimira pachifuwa. Bwana wathu, amene sankadziwa kanthu, anawalandira akumwetulira. Ine ndinaima pakona ndi thireyi ya tiyi, makapu akuimba okha. Mlendoyo anayang'ana makoma, anagwedeza mutu. Anayang'ana wotchi. Kenaka anapinda khosi, n'kukhala chete.

Chete ameneyo sindidzamuiwala. Ntchentche imodzi inkazungulira pafupi ndi chithunzi, ndipo ndinaona maso a alamu akuitsatira.

"Ndani wagwira chithunzichi?" anafunsa a tcheyamani.

Bwana analoza ine. Sindikudziwa mmene thireyi inafikira patebulo. Ndinangopezeka ndagwada, manja m'mwamba.

"Ndapota, bwana! Ndili ndi mkazi woyembekezera. Ine sindinachite da..."

Pamenepo alamu anasuntha ngati akukonza mpando, n'kundiponda ndi chidendene paphazi lodwala lija. Ndinakuwa. Misozi inatuluka yeniyeni, mamina omwe.

"Akulira ndi chimwemwe, adada," anatero alamu, mawu ali phee ngati akuwerenga Baibulo. "Ndi munthu wa kunkhalango, sanayankhulepo ndi munthu wamkulu ngati inu."

A tcheyamani anatulutsa kampango m'thumba, anayandikira khoma, ananyanyamphira n'kutambasula mkono kuti akhudze galasi. Zala zawo zinathera pa laimu, chithunzi chili kutali (Mulungu adalitse makolo amene anabereka bambo uja wamfupi). Anayesanso, mimba inakhudza khoma, anasiya.

"Mwaona?" anatembenukira gulu lawo. "Ulemu ndi umenewu. Chili pamwamba pa zonse. Ndipo taonani kuyera kwa galasi, ngati palibe! Maofesi ena chithunzi chili bii ndi fumbi, anthu osayamika. Yewo chomene, mnyamata. Dzuka. Lolemba ubwere kuofesi yathu ya chipani, udzatsuke zathu zonse ziwale chomwechi."

Anthu anaomba m'manja. Bwana anandisisita paphewa. Ine ndinathokoza ndikusefukira, ndikuganiza za zithunzi zonse za kuofesi ya chipani, ndi manja angawa, ndi jombo zangazi.

Lolembalo silinandipeze pa Boma. Loweruka nyaMoyo anayamba kumva m'mimba, ndinamuperekeza kwawo ku Embangweni, ndipo mwana atabadwa ndinakwera lole yobwerera ku Chikangawa ndikutsimphina. Kapitawo anadabwa kuona munthu akukumbatira chipika ngati m'bale wake. A tcheyamani anandiiwala, poti anthu akuluakulu amakhala ndi zambiri.

Koma alamu analibe kothawira. Anatsala patebulo lomwe lija, pansi pa chithunzi chopanda galasi chokhala ndi jombo yanga kumsana. Sankalola mesenjala aliyense kuchiyandikira, ankachipukuta okha ndi nthenga ya nkhuku anthu asanafike. Ankalimbana ndi ntchentche iliyonse yolowa muofesi, chifukwa ikanyera papepala sipachoka, mpaka anzawo anayamba kuwanena kuti mutu wasokonekera. Anakana tchuthi chachitali. Atafuna kuwakweza n'kuwasamutsira ku Mzuzu, anapempha kuti atsale, akuti chifukwa cha amayi awo okalamba. Anakhala choncho zaka ndi zaka, mwana wanga uja mpaka anayamba sekondale, kufikira zipani zitachuluka ndipo zithunzi zija zitatsitsidwa.

Zonsezi anandiuza okha titakumana kumudzi, tsitsi lawo litayera kale. Anati tsiku lotsitsa chithunzi anakwera okha pamakwerero, ndipo jombo ija anaipeza ili mbee ngati ndaponda dzulo. Ndinachita manyazi osaneneka. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula.

"Zinatha izo, mlamu. Ndingofunsako chimodzi. Cholembera chija munachipeza cholemera makilo angati?"

Ndinayang'ana pansi. Phazi langa linapola mwezi womwe uja, koma iwo mankhwala a m'mimba akumwabe mpaka lero.

Musaganize kuti ndinasinthiratu. Pabawo mkangano umenewu ukabuka, ndimanenabe kuti palibe ntchito yoposa kukweza zipika m'chisanu. Kungoti ndimayamba ndayang'ana uku ndi uku, ndipo ndikaona alamu ali pafupi ndimatseka pakamwa n'kuwapatsa mpando wanga.