Ndinakwecha Mawu a Malemu ndi Phulusa

Mpaka lero mlamu wanga Fombe wa ku Makhanga akangondiona amayamba kulira ngati chule, ndipo ine ndimasowa pogwira. Ndinaziputa ndekha ndi manja angawa.

Malemu amuna anga anali katswiri wa valimba, choimbira chija cha timatabwa. Asanatisiye, munthu wina anawajambula akuimba n'kuika nyimbozo pachimbale. Ndiye pokonza sadaka yawo chaka chatha, ine pakamwa panandiyabwa. Ndinatumiza uthenga kwa abale onse, a kwa Katunga mpaka a kutsidya kwa Shire, kuti Loweruka adzamva mwini wake akuimba pabwalo pake. (Apo n'kuti ndisanafunse n'komwe ngati choimbira chilipo.)

Chinalipo, chikompyuta cha mkamwini wanga, a Zuze, kalaliki wa ku esiteti ya nzimbe. Koma chinali chosalankhula. Zithunzi chimaonetsa, mawu ayi. A Zuze anakatenga kwa mnzawo kachinthu kobiriwira konga chipeso, ka mano agolide, kochokera m'kompyuta ina yakalekale imene inalawako madzi osefukira. Akuti dzina lake ndi saundi khadi, ndiko kholingo la makinawo.

Lachitatu anakalowetsa, zii. Lachinayi anakazula n'kukalowetsanso, zii.

Tsono mukudziwa mwambo wathu, mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, salankhulana maso ndi maso. Ine ndinkaima kuseri kwa chitseko, mwana wanga Malita pakati ngati bwato loolotsa mawu.

"Malita, afunse amuna akowo ngati chinthucho chilankhule tonse tisanatsatire malemu."

"Malita, auze amayi kuti khadiyi ilibe vuto, kwa mnzanga imaimba bwinobwino. Kungoti ndi yakale, kompyutayi siikuidziwa. Mawa ndikaifunira timafayilo take kuntchito. Zili ngati mlendo wobwera popanda kalata."

Kalata! Mumtima ndinati sukulu imawononga anthu. Chinthu chikane kuimba, iwe uzikachifunira kalata?

Lachisanu m'mawa a Zuze anapalasa njinga kupita kuntchito, khadi ija ataisiya patebulo. Ndinainyamula n'kuiyang'ana padzuwa. Abale inu! M'manomo munali matope a chigumula, pangodya kangaude atamangapo nyumba. Ndani angaimbe kukhosi kuli matope? Ife kuno madzi akaphwa sitifunsa wophunzira. Mapoto, makasu, njinga, zonse timakwecha ndi phulusa ndi ndimu, dzuwa limalize.

Ndinatenga chitsononkho, phulusa ndi ndimu n'kuikwecha mpaka mano aja anawala. Ndinaitsukuluza ndi madzi a pamjigo wathu (inde, amchere aja amene ngakhale tiyi amawakana). Kenako ndinaiyanika padenga la malata, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Poitsitsa ndinapeza itapindika ngati mlamba wowamba. Sindinade nkhawa. Ndinaikulunga m'chitenje n'kuikhalira pang'ono. Inawongoka, ngakhale kena kake kanalira kuti thwa. Ndinaibwezera patebulo, mtima uli mbee, ndikuyembekeza kuyamikidwa.

Madzulo a Zuze anabwera ndi timafayilo tawo. Analowetsa khadi ija, anabaya apa, anabaya apo, kenako anakuwa: "Yaidziwa! Malita, yaidziwa!" Ine kuseri kwa chitseko ndinayamba kale kuvina ndi mapewa. Anaika chimbale chija.

Khrrr. Kho, kho, khrrr.

Valimba imamveka ndithu, koma chapatali, ngati malemu akuimbira pansi pa dambo achule atawazungulira. A Zuze anazula khadi ija, anaitembenuza, kenako anainunkhiza. Anainunkhizanso.

"Malita, afunse amayi ngati m'nyumba muno munagwa mvula ya mandimu."

"Malita, auze kuti ine za makina sindizidziwa."

"Malita, auze amayi kuti dzulo khadiyi inali yakuda koma yamoyo. Lero ndi yoyera ngati mtembo wosambitsidwa."

Malita anangoyang'ana zikhadabo zanga zodzaza phulusa, n'kuluma chitenje kuti asaseke. Tsiku limenelo ndinaulemekeza mwambo wa makolo. Mkamwini akanaloledwa kundiyang'ana kumaso, ndikanalowa pansi.

Khadi ina inalibe koipeza, ndipo alendo anali atawoloka kale. Loweruka bwalo linadzaza, mbuzi ziwiri zitagona. Anthu atakhuta, a Zuze anatulutsa chikompyuta chija ngati munthu wopita kukaweruzidwa. Khrrr, kho, kho. Ine maso pansi, kuwerenga nyerere.

Mwadzidzidzi Fombe, mng'ono wawo wa malemu, anadzambatuka. "Ndi iyeyo! Pyadidi, zoonadi! Achimwene akamwa kachasu wa kwa Chapananga ankaimba chonchi ndendende!" Anthu anaphulika kuseka, azakhali ena misozi chuchuchu, ena n'kulowa m'bwalo kuvina achulewo. Ndinayamba kupuma bwino, mpaka Fombe anafika pamene ndinakhala n'kunena mokweza: "Mlamu, takhuta, zikomo kwambiri. Munthu ali moyo munkamukakamiza kusamba, wafa mwamusambitsanso?" Malita anali ataulula kukhitchini.

Ndaphunzirapo, musaganize kuti ayi. Madzi amcherewo ndiwo analakwa, ndikanatunga a kumtsinje. A Zuze masiku ano zinthu zawo zonse amakiyira m'sutikesi. Koma wailesi yawo ija ikumveka ngati ili ndi chimfine, ndipo ndaona pamene amabisa kiyi.