Makalata Omemera Dima

Mpaka lero ndikamadutsa pa Golomoti pali nkhalamba zina zimene zikangondiona zimayamba kugwedezana ndi zigongono. Sindiziimba mlandu. Zimene ndinachita chaka chimene ndinakwatira Lozina n'zoseketsadi, kungoti woseketsayo ndinali ine.

Ndinali pachikamwini kwawo kwa mkazi wangayo, nditangochoka kumene kusukulu ya ku Mua, ndipo Chingerezi chinkandiyabwa m'kamwa ngati chitedze. Phunziro limene linandilowa kwambiri linali la kaitanidwe ka azungu. Aphunzitsi anati mzungu ali ndi mawu oitanira galu, ena oitanira mlendo, enanso oitanira munthu kumlandu, ndipo akafuna anthu olemekezeka sakuwa kapena kuyenda khomo ndi khomo, amangolemba papepala. (Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mzungu ndine.)

Mvula inalawirira chaka chimenecho, udzu n'kudzaza m'munda wa apongozi anga mpaka chimanga kuyamba kufiira. Apongozi anafulula mowa mbiya zisanu kuti achititse dima, anthu adzapalire munda wonse tsiku limodzi kenako adzamwe. Ntchito yomema anthu anandipatsa ine. Mtima unadumpha! Apa m'pamene mudzi wonse ukanaona kuti mwana wawo wakwatiwa ndi munthu wophunzira.

Kumema dima ngakhale mwana amakudziwa: umapita wekha, kukhala pansi, kupereka moni, kufunsa za ana ndi za mbuzi zomwe, kenako n'kutchula tsiku. Ine ndinathothola mapepala m'kope, n'kukagula maenvulopu kusitolo ya mmwenye, n'kulemba makalata khumi ndi anayi m'Chingerezi chokhachokha. Ndinkati ndikalemba mzere umodzi, ndiime, ndiuwerenge mokweza, ndidzigomere ndekha.

"Inu, bwanji osangopita nokha?" anafunsa Lozina. "Kwa amalume a Kamwendo si apa pomwepa?"

"Lozina, dziko likupita patsogolo," ndinatero. "Munthu wophunzira saitana anthu ndi mapazi."

Wopereka makalata ndinasankha mnzanga Filipo, amene ankagwira ntchito kunjanji. Anali ndi yunifolomu ya khaki, chipewa, ndi njinga ya belu. Ndinamulangiza bwinobwino kuti akafika pakhomo asakhale pansi, asafotokoze kanthu, angoimba belu, afunse dzina la mwini nyumba mokweza, apereke envulopu, azipita. (Ndinkati kumeneko ndiye kulemekeza kwachizungu.)

Ndinaiwala chinthu chimodzi. Masiku amenewo kunali malamulo a malimidwe, ndipo munthu amene sanaunde mizere monga ankafunira aboma ankalandira samani. M'mudzi mwathu pepala la mu envulopu linkabwera ndi zinthu ziwiri zokha, mlandu kapena uthenga wamaliro wochokera ku Joni.

Tsiku la dima ndinadzuka ndikuimba likhweru. Ndinavala shati yoyera, n'kukaima pansi pa mtengo wa mango m'mbali mwa munda kuti ndizilandira anthu anga. Dzuwa linatuluka, kulibe munthu. Linafika pamwamba pa mitengo, kunangobwera nkhuku ziwiri. Ndinadzilimbitsa mtima kuti anthu oitanidwa mwaulemu amayamba akasamba.

Kenako ndinamva mfuu kumudzi. Anali mayi Nasiwelo, amene mwana wawo Yohane ankagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, akulira maliro. Posakhalitsa Lozina anatulukira akuthamanga, chitenje chili m'manja.

"Mwachita chiyani inu? Amuna onse ali m'bango kumtsinje chithawire dzulo! Akuti kwabwera mesenjala wa boma ndi masamani. Mayi Nasiwelo amuna awo anathawa n'kuwasiyira pepala, iwo akuti Yohane wafa!"

Ndinaliyatsa liwiro la kumtsinje, ndikukuwa, "Tulukani! Tulukani nonse!" Anthuwo atasuzumira n'kuona munthu wa shati yoyera akulamula kuti atuluke, anangolowereratu m'kati. Bango lonse linkagwedezeka. Ndinachita kuvula shatiyo n'kulowa m'matope, ndikutchula dzina langa ndi la mkazi wanga, mpaka a Kamwendo anatulutsa mutu. Nkhope yawo inali itatupa ndi udzudzu, ndipo envulopu inali m'chipewa, yosatsegula.

"Tawerenga timve," anatero.

Ndinawerenga, kenako n'kumasulira. Amuna ena anali atayamba kutuluka mmodzimmodzi, matope mpaka m'chifuwa.

"Ndiye kuti zonsezi ndi mowa?"

"Inde amalume, ndi kupalira komwe."

"Mwana iwe, miyendo uli nayo?"

"Ndili nayo."

"Pakamwa?"

"Pali."

"Nanga unatitumizira pepala kuti litipatse moni ndilo?"

Ndinalakalaka matope aja atandimeza. Pomwepo akuluakuluwo anagwirizana kuti munthu amene wagonetsa anzake m'bango ayenera kupepesa, ndipo chopepesera chinali chitapsa kale. Anabwera onse khumi ndi anayi, akazi awo pambuyo, popanda ndi mmodzi yemwe wonyamula khasu. Chipanda choyamba anapatsa mayi Nasiwelo kuti apukutire misozi. Mbiya zonse zisanu zinauma, kunavinidwa mpaka fumbi koboo, ndipo aliyense ankabwera kudzandigwira chanza n'kundithokoza chifukwa cha kalata yabwino. M'munda simunazulidwe udzu ngakhale umodzi.

Munda umenewo ndinapalira ndekha masabata awiri, manja kuchita matuza, komabe chimanga cha kumunsi konse chinatsamwa ndi udzu osabereka. Zimenezi zinandipweteka kuposa kusekedwa, chifukwa nkhokwe ya apongozi chaka chimenecho inangofika theka. Kuyambira pamenepo ndikafuna munthu, ndimanyamuka ndekha n'kukamukhalira pansi.

Apongozi anga, monga mwa mwambo, sankalankhula nane maso ndi maso. Tsiku lina ndili chiweramire pakati pa udzu, anaima kumalire a munda n'kuuza Lozina mokweza kuti inenso ndimve:

"Kawauze amuna akowo, ngati msana wawawa aulembere kalata udzuwo. Mwina nawo uthawira m'bango."

Ndinangopitiriza kupalira. Pa mawu onse a Chingerezi amene ndinabwera nawo ku Mua, panalibe ndi amodzi omwe oyankhira apongozi.