Chotupa Chimene Mumaphunzitsira Ana Anu

Kwa Olemekezeka Mkulu wa Sukulu ya Ounika M'mimba,
Mbeya.

Bambo,

Pepani kwambiri kuti ndikukutayitsani nthawi. Ndinabwera kuti ndidzakuoneni, koma nditafika pakhomo pa ofesi yanu ndinangobwerera. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho mukapeza polakwika mundikhululukire. Ndalemba kaye ndi pensulo kuti musaone zofufuta.

Ndine Tumpale, uja amagulitsa vitumbua pageti panu. Chaka chatha aphunzitsi a Mwakibinga anandiuza kuti chidole chimene ophunzira amayeserapo makina chinawonongeka, ndiye pakufunika mimba ya munthu. Anati ndi mwayi wanga, poti ena amachita kulipira kuti aunikidwe. Ndinavomera, ndipo lero ndalemba kalatayi kuti ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha madzi. Amandimwetsa mpaka chikhodzodzo kudzaza kuti zithunzi zioneke bwino, kenako ophunzira n'kufola pamzere. Womaliza akamafika ndimakhala ndikupemphera chamumtima. Kupirira kumene abusa analephera kundiphunzitsa ndakuphunzirira pabedi lanu.

Chachiwiri, zikomo pondipezera chinthu. Tsiku lina wophunzira wina, Subilaga, akuyendetsa kachipangizo ka makinawo pamimba panga, anakodola aphunzitsi. A Mwakibinga atayang'ana pa kanema nkhope yawo inawala. Anati, "Tabwerani nonse muone, chotere mumangochiwerenga m'buku." Anakankhana, ena anajambula ndi mafoni. Chibadwire sindinasiriridwepo chonchi, ngakhale pa tsiku la ukwati wanga. Ine sindinachione, chifukwa kanemayo amayang'ana kwa ophunzira, ine ndimayang'ana kudenga.

Nditafunsa kuti n'chiyani, Subilaga, amene monga anzake amanditchula Dada, ndiye kuti achemwali m'chinenero cha kuno, anandinong'oneza kuti, "Dada, ophunzirafe satilola kuuza munthu, ife n'kujambula basi." A Mwakibinga nawo anati iwo amangophunzitsa kujambulako, wonena matenda ndi dokotala. Dokotalayo akuti amabwera Lachinayi, koma Lachinayi lakelo silinafikebe. Mwambo umenewu ndaulemekeza kwambiri. Kalasi yonse ikudziwa za m'mimba mwanga, ngakhale mlonda wa pageti akudziwa kuti ndi chotupa, ndipo chinsinsi chachikulucho achisunga bwinobwino kuti mwini mimba asachimve.

Chachitatu, zikomo pochisamalira. Amachiyeza mlungu uliwonse, ndipo ndamva kuti chikukula bwino. Pali wophunzira wina wansangala, Gwakisa, amene akamagula vitumbua amati, "Dada, mlendo wathu wadzuka bwanji? Muzimudyetsatu, mayeso ali pafupi." Za ine sanafunsepo, koma sindikudandaula. Wotchuka ndi mlendoyo.

Tsopano ndifike pa kulakwa kumene ndinatsala pang'ono kukuchitirani. Masiku ano ndikumataya magazi ngakhale si nthawi yake, ndipo ndikasenza beseni la vitumbua pachitunda cha ku Mwanjelwa m'maso mumachita mdima. Amuna anga anati ndipite ku chipatala chachikulu. Nditakatsanzika kwa a Mwakibinga anandigwira paphewa ngati bambo wondibala. Anati, "Mwanangu, kumeneko akangochiona akachichotsa. Tadikira mayeso a Novembala adutse. Ana awa makolo awo anagulitsa ng'ombe, ukufuna akalembe za chiyani?" Ndinachita manyazi ndi kudzikonda kwanga. Ine ndimangoganiza za moyo wanga, osaganizira za maphunziro a anzanga.

Ndiye Bambo, ndikupempha modzichepetsa kuti mundiuze ngati chotupachi ndi changa kapena ndi katundu wa sukulu. Ngati n'cha sukulu, sindikufuna kutchedwa wakuba ndikakachichotsetsa. Ngati n'changa, mundilembereko dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu, ndikawaonetse madokotala a kumeneko, muwonjezeponso ngati chimapha.

Chonde mundiyankhe msanga. Sikuti ndikukufulumizitsani chifukwa cha ine ayi. Ndikuopa kuti ndikafa Novembala asanafike, abale anga akandiika m'manda ku Tukuyu pamodzi ndi funso lanu la mayeso, ndipo kumeneko kulibe magetsi olumikizira makina.

Ine wanu wogona chagada nthawi zonse,
Tumpale Mwasomola