Pulasitiki Yakuda Inatiwolotsa Namikokwe

Inu amene mukuti ine Kamwendo ndine wabodza, bwerani kutsogolo kuno, musamang'ung'udzire kuseri kwa anzanu. Ine mkazi wanga Nabanda ndinauluka naye kuchokera ku Bwanje mpaka kuchipatala ku Mua, ndipo ngati ndikunama mphenzi indiwombe pompano.

Anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba. Mvula inagwa usiku wonse, kutacha nthawi yake yakwana, mtsinje wa Namikokwe wadzaza mpaka kuzula mitengo, ngolo singawoloke, njinga ndiye musanene, azamba akuti mwana wakhala mopingasa, akapanda kufika kuchipatala titaya onse awiri. Mantha ndinachita, sindikubisa.

Ndinakwera padenga, n'kusasula udzu, n'kusolola pulasitiki yakuda ija timayala kunsi, n'kuisoka ngati thumba, n'kuuziramo mpweya ndi pakamwa pangapa kukadali kachisisira ka m'mawa, n'kumanga kukamwa kwake ndi luzi, kunsi n'kumangirirako mphasa. Thumba lili lefu pansi. Azamba anayamba kundilalatira kuti ndapenga. Ndinangoti, "Amayi, dikirani dzuwa."

Dzuwa la kuno mukulidziwa. Litangowomba papulasitiki paja mpweya unayamba kutentha, ndipo mpweya ukatentha umafuna malo, ine osawonjezamo ngakhale pang'ono koma thumba lafufuma, lafanana ndi nkhokwe, lapitirira nyumba, lakula ngati tchalitchi, agalu akuuwa, nkhuku zikuthawira kunsi kwa khola, ndangoona mphasa yanyamuka Nabanda ali pomwepo, ine ndalumphira chingwe cha mphasayo n'kuchigwira ndi mano. Mukumva?

Mtsinje tinaudutsa pamwamba, minda ya mpunga ikuoneka ngati zigamba za pabuluku. Vuto linabwera pofuna kutsika. Dzuwa likukwera, thumba likukulirakulira, Mua uyo tikumupitirira, kutsogolo Mtakataka, Nabanda akubuula moti mtima wanga unasweka. Apo ndinatambasula dzanja n'kukoka kamtambo kotsalira pa mvula ija, n'kukafinyira pathumba monga mufinyira malaya pochapa. Mpweya utazizira unakhwinyata, thumba n'kuyamba kuphwa pang'onopang'ono, mphasa n'kutera pakhomo penipeni pa chipatala, anamwino n'kumulandira asanagunde n'pansi pomwe.

Mwana anabadwa bwinobwino, ndi uja wamtali amasoka zovala pamsika wa Golomoti.

Mukuseka? Pitani mukafunse Nabanda. Akuuzani kuti anamunyamula pamachira amuna a m'mudzi madzi ataphwera, ine nditakomoka ndi mantha patsinde pa mango. Koma munthu anali atatsinzina ndi ululu njira yonse, angadziwe bwanji chomwe chinamunyamula? Mukamufunsenso kuti denga lathu linadontha dzinja lonse chifukwa chiyani. Pulasitiki inapita kuti?